Bulu wathu wokalamba ankaonda ali pamsipu

Bulu wathu atakalamba tinamuchotsa pangolo, azingodya kudambo kwathu kuno ku Katete. Pofika Okutobala, udzu utauma, nthiti zinayamba kuwerengeka. Ndinati ndi njoka za m'mimba, ndinamumwetsa mankhwala, koma ayi ndithu.

Tsiku lina ndinaona timibulu ta udzu wotafunatafuna, tonyowa ndi malovu, tili mbwee pomwe amadyera. Kani amalavula! Dokotala wa ziweto atamukanula pakamwa anati, "Bambo, mano akumbuyowa aperepeseka, ena asongoka, akumucheka m'masaya." Anawapala ndi tupa.

Ndinayamba kumuviikira gaga mpaka afewe ngati phala, pang'ono chabe m'mawa ndi madzulo, kuwonjezera masamba a nshawa oduladula. Pofika Khirisimasi nthiti zinabisika.