Momwe mungakonzere galimoto yakale ya amalume musanaigulitse

Galimoto ya amalume ikakhala zaka pansi pa mtengo wa mango, musathamangire kwa makaniko. Yambani ndi mapepala. Khalani pansi ndi amalumewo, muone ngati dzina la pa blue book ndi lawodi, mugwirizane mtengo wotsikitsitsa womwe angavomere komanso momwe ndalama zokonzera zidzabwerere kwa inu. Azakhali ndi ana amve nawo, chifukwa galimoto imadanitsa abale msanga. Ngati eni ake anatisiya, dikirani kaye za chuma cha masiye zithe mwalamulo.

Kenako tsegulani boneti musanalize injini. Makoswe amadya mawaya ndi kumanga zisa mu fyuluta ya mpweya. Khuthulani oyilo wakale ndi petulo wokhalitsa, sinthani mafyuluta, batire muiyezetse. Kuno ku Zomba mvula ndi chinyezi zimabweretsa dzimbiri, choncho tukulani makapeti, suzumirani kunsi kwa zitseko ndi m'buti momwe mumakhala tayala la sipeya.

Matayala asakupusitseni ndi mano. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Likakhala ndi ming'alu, lisintheni ngakhale mano akadalipo.

Mabuleki akonzedwe ndi makaniko wodziwa, muwayese pamalo athyathyathya, kenako mupezeretu inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Zikatheka, kwerani nayo msewu wa Ku Chawe, wokwera phiri la Zomba. Mtunda umenewu subisa kanthu: pokwera mudzaona ngati injini ikutentha kapena kilatchi ikutsetsereka, potsika mudzamva ngati mabuleki akugwira bwino. Tsikani ndi giya yaing'ono.

Kupenta galimoto yonse ndikuona kuti nkutaya ndalama, ndipo wogula wochenjera amaganiza kuti mwabisa ngozi. Itsukeni bwino, chapani mipando, sinthani mababu akufa, basi. Jambulani masana, muike pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo vuto lomwe latsala mulinene poyera.

Wogula akapezeka, makiyi asachoke m'manja ndalama zisanaoneke mu akaunti ya amalume. Uthenga wa pa foni wokha si umboni. Pitani nonse ku Road Traffic, amalume ndi wogulayo, mukasinthe umwini tsiku lomwelo osadzera kwa madobadoba. Dzina la amalume likatsalira pa galimotoyo, ikadzachita ngozi apolisi adzagogoda pakhomo pa mkulu yemwe anasiya kale kuyendetsa.