Penti sachotsa chuku pakhoma: yambani mwapeza komwe madzi akulowera

Nyumba ya chuku imadziwika ndi mphuno. Ukangotsegula chitseko cha kuchipinda limakulandira fungo longa la thumba la chimanga lomwe linagonera mvula, koma mwininyumba, poti anazolowera, amalumbira kuti palibe chikununkha. February wa chaka chatha ndinalowa m'nyumba yotere ku Zomba, ina mwa nyumba za njerwa zootcha zomwe zinamangidwa likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Mayi a panyumbapo anali atapentetsa chipinda cha ana katatu m'zaka ziwiri. Ulendo uliwonse khoma linkayera mbee mpaka mvula yoyamba, kenako madontho akuda ankabwerera pamalo omwewo. Titakankha wodiropu tinapeza kumbuyo kwake kuli bii, nsapato za sukulu zitamera ubweya wobiriwira, penti akusupuka ngati khungu la njoka.

"Bambo mlangizi, tigule penti wanji wamphamvu?" anandifunsa choncho. Ndinawapempha kuti tiyambe tazungulira panja.

Chuku, chomwe ena amati nkhungu kapena nguwi, ndi chamoyo, mtundu umodzi ndi bowa. Njere zake zosaoneka ndi maso zili ponseponse mumpweya, ndipo palibe nyumba yomwe mungazithamangitse zonse. Chakudya sichisowa: fumbi, matabwa, mapepala, chikopa, siling'i. Chomwe chimadikira ndi madzi basi. Chinthu chikanyowa n'kukhala tsiku limodzi kapena awiri chisanaume, chuku chikhoza kuyamba. Ndiye mukachiona pakhoma, funso loyamba si la mankhwala kapena penti. Funso ndi lakuti madziwa akuchokera kuti.

M'nyumba zakale madzi amalowa kuchokera kumwamba, kuchokera pansi, kapena amapangidwa ndi anthu okhalamo. Njira iliyonse imasiya chizindikiro chake.

Akumwamba ndi osavuta. Banga lofiirira lozungulira pasiling'i, kapena mzere wotsika kuchokera pamwamba pa khoma, ndiye kuti msomali wa lata unasukusa, lata linabooka ndi dzimbiri, kapena gatala yadzaza masamba a mango ndipo madzi akusefukira kukhoma. Kwerani m'siling'i masana, muzimitse tochi: paliponse pakuoneka kadontho ka kuwala ndi pomwe mvula imalowera. M'nyumba zokhala ndi giza m'siling'i yang'anani pansi pake. Paipi yodontha m'kati mwa khoma imagwidwa ndi mita ya madzi: tsekani mipopi yonse, lembani manambala, bwererani patatha maola awiri. Ngati manambala ayenda, pali pomwe madzi akuthawira.

Apansi ndi amene amapusitsa anthu ambiri, ndipo ndi omwe tinawapeza ku Zomba kuja. Njerwa imayamwa madzi ngati chigumu choviikidwa mu tiyi. Pofuna kuletsa izi amisiri amayala pepala lakuda pamwamba pa maziko, lomwe amalitcha DPC, ndipo liyenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja. Nyumba zina zakale zilibe pepalali. Zina zili nalo, koma zaka zikamapita nthaka imakwera: wina wathira dothi la maluwa, wina waunjika mchenga wotsala, wina wawonjezera khonde la simenti lopendekera kunyumba m'malo mopendekera kubwalo. Panyumba ija panali bedi la maluwa lokongola, lothiriridwa m'mawa uliwonse, dothi lake litakwirira DPC ndi mizere iwiri ya njerwa. Pamwamba pake gatala inali yothyoka. Khoma la chipinda cha ana linkamwa madzi chilimwe ndi dzinja lomwe.

Chinyontho cha pansi chimadziwika ndi mzere wonga wa madzi a m'dambo akamaphwa, ndipo kawirikawiri sichipitirira mita imodzi kuchokera pansi. Pulasitala amafufuma, ukagogoda amalira ngati ng'oma. Pamatulukanso ufa woyera. Ufa umenewu si chuku ayi, ndi mchere wochokera m'njerwa ndi m'nthaka. Kandani pang'ono muthire m'madzi: mchere umasungunuka, chuku chimangoyandama.

Apa ndipamene amisiri athu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi dothi kapena laimu pakati pa njerwa, n'kupakidwa laimu. Khoma lotere limanyowa koma limaumanso, chifukwa chinyezi chimatuluka. Mmisiri akabwera n'kulimata pulasitala wa simenti wolimba gwa, n'kupaka penti wa mafuta pamwamba, madzi amatsekeredwa m'kati. Sabwerera pansi. Amakwera mpaka apeze potulukira, ndiye mumadabwa kuti banga lomwe linali m'maondo lafika m'chiuno. Mzere wa penti wa mafuta wakuda kapena wobiriwira womwe timakonda kupaka m'munsi mwa khoma umabisa matope a ana, inde, koma pakhoma la chinyontho umangowonjezera vuto.

Madzi opangidwa ndi anthu okhalamo ndi omwe eni nyumba safuna kumva. Kupuma, kuphika, kusamba madzi otentha, kuyanika zovala kuchipinda, zonsezi zimadzaza mpweya ndi nthunzi, ndipo nthunziyo ikakhudza khoma lozizira imasanduka madzi, monga botolo la Fanta limachitira thukuta likatuluka mufiriji. Ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba izi zimakula nthawi ya chiperoni, pakati pa May ndi August, pomwe aliyense watseka mawindo ndipo zochapa zili pa chingwe pabalaza. Ku Mzuzu ndi ku Nkhata Bay, komwe mvula imakhalitsa, n'chimodzimodzi. Chuku cha mtunduwu chimakonda m'makona a pamwamba, kuseri kwa makatani, kuseri kwa mipando ndi kubafa. Yang'anani mavento aja amisiri akale ankasiya pamwamba pa mawindo. M'nyumba zambiri ndimawapeza atatsekedwa ndi nyuzipepala kapena simenti poopa udzudzu ndi kuzizira. Tsegulani, ikani sefa ya waya.

Ngati simukudziwa kuti madzi akuchokera m'khoma kapena mumpweya, dulani pulasitiki woonekera wa masentimita 30 mbali zonse, m'mateni pakhoma kapena pansi ndi tepi mbali zonse zinayi, mumusiye masiku awiri. Madontho akakhala kunsi kwa pulasitiki, madzi akuchokera m'khoma. Akakhala pamwamba, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo.

Nkhaniyi si ya maonekedwe okha. Mu 2009 bungwe la WHO linatulutsa malangizo pa za chinyontho ndi chuku m'nyumba, ndipo linatsimikiza kuti okhala m'nyumba zotere amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika, matenda a m'njira ya mpweya komanso mphumu. Mwana amene amatsokomola usiku uliwonse koma akapita kwa agogo kumudzi chifuwa n'kuleka, chipinda chake chiyang'anidwe. Amene anadwalapo TB asamale koposa: chuku cha mtundu wa Aspergillus chimatha kumera m'mabowo omwe TB inasiya m'mapapo, munthu n'kumatsokomola magazi ngati TB yabwerera. Omwe chitetezo chawo cha m'thupi chatsika, makanda ndi okalamba asagone m'chipinda cha chuku, ndipo asakhale iwo ochotsa. Ndiponso musasunge chimanga kapena mtedza motsamiritsa kukhoma lonyowa. Wachibale wa chuku chomwechi, Aspergillus flavus, ndi amene amapanga poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi. Matumba akhale pa thandala, motalikirana ndi khoma.

Banga laling'ono, losafika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, mungathane nalo nokha, bola gwero la madzi mwalitseka. Tulutsani ana, tsegulani mawindo, tsekani chitseko cholowera kuzipinda zina. Valani magolovesi ndi masiki yothina bwino, makamaka ya N95, osati kansalu. Osakolopa ndi tsache kapena bulashi youma, chifukwa mumangomwaza njere zija nyumba yonse. Pukutani ndi nsanza yoviika m'madzi a sopo, nsanzayo muitaye. Pa matailosi ndi simenti mukhoza kutsatiza ndi jiki, kapu imodzi m'malita 4 a madzi. Jiki asasakanizidwe ndi mankhwala ena aliwonse, makamaka otsukira chimbudzi, chifukwa mpweya wotulukapo umapha. Ndipo dziwani kuti jiki amayeretsa banga pamwamba, koma pa thabwa kapena pa siling'i ya softboard mizu ya chuku imakhala italowa m'kati. Siling'i yotere imachotsedwa. Matiresi, makatoni ndi kapeti zomwe zinamira m'madzi osefukira n'kukhala masiku osauma, monga zinachitikira m'nyumba zambiri za ku Blantyre nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, n'zotaya, ngakhale mtima ukuwawa.

Katswiri aitanidwe banga likakhala lalikulu kuposa pamenepo, likamabwerera mutachotsa, fungo likamamveka koma chuku osaoneka, matabwa a denga akafewa, kapena madzi akakhala a m'suweji. Khoma lomangidwa ndi dothi likanyowa n'kuyamba kung'aluka kapena kutuluka mimba, imeneyo si nkhani ya chuku: tulukanimo kaye, lingagwe.

Nanga katswiri weniweni mumudziwa bwanji, poti masiku ano aliyense wokhala ndi mpope wopoperera amadzitcha katswiri? Ine ndimayang'ana komwe wayambira. Wodziwa ntchito amayamba panja: denga, magatala, ngalande, kupendekeka kwa nthaka, msinkhu wa DPC. Amabwera ndi makwerero, tochi ndi kachipangizo koyezera chinyontho, ndipo amakwera m'siling'i ngakhale muli mileme. Amabaya matabwa ndi sikuludiraiva. Thabwa lomwe chinyontho chake chapitirira 20 peresenti lili panjira yowola, komanso chiswe sichikhala patali. Amafunsa mafunso: banga linayamba liti, limakula mwezi uti, mumagona angati muno, zovala mumayanika kuti. Pomaliza amakulemberani papepala chomwe chikuyambitsa, chomwe achite, ndi mtengo wa gawo lililonse. Amene walowa m'nyumba, wayang'ana khoma mphindi ziwiri n'kutchula mtengo wopopera ndi kupenta, mupatseni madzi akumwa azipita. Musataye ndalama ndi wokuuzani kuti atenge chukucho akachiyeze kuti adziwe mtundu wake. Chakuda, chobiriwira kapena chotuwa, ngati chikuoneka ndi maso chithandizo chake n'chimodzi. Ngati mukusowa poyambira, a zaumoyo wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaumoyo ku khonsolo angakuunikireni.

Pa ntchito yaikulu onetsetsani kuti chipindacho chatchingidwa ndi pulasitiki, katundu watulutsidwa, zogumula zikutuluka m'matumba omanga kukamwa. Pulasitala wodwala agumulidwe kupitirira pomwe banga lalekezera, njerwa zisiyidwe poyera. Musalipire ndalama zonse khoma lisanaume.

M'nyumba zakale muli zoopsa zina zomwe wokonza chuku angazidzutse mosadziwa. Denga kapena siling'i ya asibesitosi isakwechedwe, isaboolodwe, isadulidwe. Fumbi lake limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Penti wakale wa mafuta akhoza kukhala ndi mtovu, choncho osamupala ndi sandipepa wouma ana ali pomwepo. Zitosi za mileme ziwazidwe madzi zisanasesedwe.

Kwa inu a lendi: jambulani zithunzi zokhala ndi tsiku, mudziwitse alandilodi polemba, ngakhale pa WhatsApp, ndipo musavomere kuti akutumizireni wopenta yekha. Abale athu okhala ku England amaidziwa nkhani ya Awaab Ishak, mwana wa zaka 2 yemwe anamwalira ku Rochdale mu December 2020 chifukwa chopuma chuku m'nyumba ya lendi. Imfa yake inabweretsa lamulo lotchedwa Awaab's Law, lokakamiza makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba kufufuza ndi kukonza chinyontho m'masiku oikika. Ngati muli kumeneko, dandaulo lanu lilembeni, musangoimba foni.

Chovuta kwambiri pantchito yonseyi ndi kudikira. Khoma la njerwa lomwe lamwa madzi zaka zambiri siliuma pa sabata. Amisiri amawerengera pafupifupi mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka aliwonse a kuchindikala kwa khoma, ndiye khoma la mainchesi 9 lingatenge miyezi yoposa isanu ndi umodzi. N'chifukwa chake ntchitoyi iyambike mvula ikangotha, mu April kapena May, kuti dzuwa la September ndi October likuthandizeni.

Ku Zomba kuja tinachita motero. Maluwa anasamukira pakati pa bwalo, dothi linakumbidwa mpaka DPC itaonekera, gatala inasinthidwa, ndipo anakumba kangalande kotengera madzi kumunsi. Pulasitala anagumulidwa mpaka m'chiuno, ana anasamukira pabalaza, wodiropu inasunthidwa mpata wokwana dzanja kuchoka kukhoma. Mayi aja anandiimbira kawiri konse kudandaula kuti alendo akuseka njerwa zapoyera. Anamata kumapeto kwa October ndi pulasitala wosakaniza laimu, n'kupaka laimu. Nditadutsako mu January mvula ili pakati, ndinayamba ndamata kapulasitiki kanga m'munsi mwa khoma lija. Patatha masiku awiri anatumiza chithunzi: kouma mbali zonse ziwiri.