Masewera olimbitsa thupi ndi asilikali a m'magazi: muyeso wake ndi uti?

Anthu ambiri amene angoyamba masewera olimbitsa thupi amadabwa akagwidwa ndi chimfine patangotha sabata yothamanga mwamphamvu. Amafunsa kuti, nanga si paja masewera amalimbitsa chitetezo cha m'thupi? Amalimbitsadi. Koma nkhani yagona pa muyeso: mukuchita mwamphamvu bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kodi thupilo mukulipatsa mpata wopuma?

Tiyambe ndi asilikali eni akewo. M'magazi mwathu muli maselo oyera, amene timangowatcha asilikali a m'thupi. Mwa munthu wamkulu wathanzi, kadontho ka magazi kakang'ono kwambiri, ka maikulolita imodzi, kamakhala ndi maselo oyera pakati pa 4,000 ndi 11,000. Si a mtundu umodzi. Oposa theka ndi ma neutrophil, amene amathamangira pabala n'kumeza mabakiteriya. Kenako pali ma lymphocyte, ndipo m'gulu lawo muli maselo a NK, amene ntchito yawo ndi kupha maselo a thupi amene alowedwa ndi vairasi kapena ayamba kusanduka khansa.

Asilikaliwa sayenda onse m'magazi nthawi zonse. Ambiri amakhala atakakamira m'mbali mwa mitsempha, ena ali phee m'kapamba ndi m'mapapo. Mukayamba kuyenda ndawala, mtima umagunda mofulumira, magazi amathamanga, thupi n'kutulutsa homoni yotchedwa adirenalini. Zimenezi zimawamatula asilikali aja n'kuwalowetsa m'magazi. Amene amadzambatuka kwambiri ndi maselo a NK, moti amachuluka kangapo konse m'mphindi zochepa chabe. Mukasiya, amatuluka m'magazi n'kulowa m'ziwalo kukafufuza ngati muli mdani. Choncho munthu amene amayenda ndawala tsiku ndi tsiku akutumiza alonda kuti azungulire thupi lonse tsiku lililonse.

Umboni wake ulipo. Katswiri wina wa ku America, David Nieman, anatsatira anthu 1,002 kwa masabata 12, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2011. Amene ankachita masewera masiku asanu kapena kuposerapo pa sabata anadwala chimfine ndi chifuwa masiku ochepa ndi 43 peresenti poyerekeza ndi amene ankangokhala.

Nanga masewera akakhala amphamvu kwambiri n'kupitirira mphindi 90? Apa thupi limatulutsa homoni ina ya nthawi ya zovuta, kotizolo, makamaka shuga wa m'magazi akayamba kuchepa. Ma neutrophil ambiri amatuluka m'kati mwa mafupa n'kulowa m'magazi, koma ma lymphocyte amatsika. Pakatha ola limodzi kapena awiri munthu atamaliza, amapezeka kuti m'magazi ndi ochepa kuposa mmene analili asanayambe, ngakhale amabwerera mwakale tsiku lisanathe. Nieman yemweyo anafunsa othamanga mpikisano wa makilomita 42 wa ku Los Angeles mu 1987. Pa amene anathamanga, 12.9 peresenti anadwala m'sabata yotsatira, pamene pa anzawo okonzeka mofanana amene sanathamange, anadwala 2.2 peresenti okha. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaphunzitsa kuti masewera otopetsa amasiya thupi pamtetete kwa maola angapo, tizilombo n'kupezerapo mpata.

Mu 2018, John Campbell ndi James Turner a pa yunivesite ya Bath ku England anatsutsa zimenezi. Mfundo yawo ndi yakuti ma lymphocyte amene asowa m'magazi sanafe, koma apita m'mapapo ndi m'matumbo, kumene tizilombo timalowera. Iwo amati othamanga amadwala chifukwa cha chigulu cha anthu pa mpikisano, maulendo ataliatali, kusagona ndi kusadya mokwanira. Komanso kupuma mpweya wouma ndi wozizira kwa maola ambiri kumayabwitsa pakhosi, munthu n'kumati wadwala pamene mulibe kachilombo. Mkanganowu ukadalipo. Ine ndimaona kuti kwa inu ndi ine mbali zonse ziwiri zikutilozera njira imodzi, chifukwa palibe amene akutsutsa kuti kudzipanikiza mobwerezabwereza popanda kupuma, kudya ndi kugona ndi kumene kumagwetsa munthu.

Ndiye mudziwa bwanji muyeso wanu? Simufunika makina. Yesani kulankhula mukuchita masewerawo. Ngati mukutha kucheza koma simungathe kuimba nyimbo, muli pa mphamvu yapakatikati, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muzikhala masiku ambiri. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu kenako wefuwefu, muli pa mphamvu yaikulu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 za amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 kwa masiku asanu, mwafika kale pa 150.

Sindikunena kuti masewera amphamvu ndi oipa, ayi. Amalimbitsa mtima ndi mapapo, ndipo thupi lozolowera limawapirira bwino. Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi phuma. Munthu wakhala miyezi osatuluka thukuta, lero wakoka nsapato, akufuna abweze ngongole yonse m'sabata imodzi. Onjezerani pang'onopang'ono, ndipo yambani n'kutalikitsa nthawi musanawonjezere liwiro. Tsiku lolemetsa lizitsatidwa ndi lopepuka kapena lopumiratu. Mukaona kuti mtima ukugunda mofulumira m'mawa musanadzuke n'komwe, miyendo ikulemera masiku angapo, tulo sitikubwera, ndiye kuti thupi likupempha kuti muchepetse.

Kwa inu othamanga mitunda italiitali kapena opalasa njinga maola ambiri, musamachite zimenezo m'mimba muli pululu. Mukapitirira mphindi 90, muzidya kapena kumwa chopatsa mphamvu cha gulu la sitachi ndi shuga, magalamu 30 mpaka 60 pa ola. Shuga wa m'magazi akapanda kugwa, kotizolo sakwera kwambiri. Imwani madzi. Gonani maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo. Sambani m'manja, ndipo botolo la madzi lisamayende pakamwa pa gulu lonse.

Pa mfundo iyi yokha ndiye sindinyengerera: thupi likatentha, musachite masewera. Ena amati akatuluka thukuta matenda atuluka nawo, koma si zoona. Kachimfine ka m'mphuno chabe, mukhoza kuyenda pang'onopang'ono. Koma ngati pali kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, chifuwa cha m'kati kapena kutsegula m'mimba, gonani mpaka muchire. Mavairasi ena amatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuupanikiza mtima wotero kukhoza kupha ngakhale wachinyamata wamphamvu.

Amene ali ndi HIV asaope. Maselo a CD4 amene amawerengedwa kuchipatala ndi a gulu la ma lymphocyte lomweli, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti masewera apakatikati sawatsitsa. Komabe masewera salowa m'malo mwa ma ARV. Odwala mtima, shuga kapena amene akulandira mankhwala a khansa ayambe akambirana ndi dokotala wawo za muyeso wowayenera. Ndipo aliyense wopita kukayezetsa magazi asathamange mwamphamvu maola ochepa asanatengedwe magaziwo, chifukwa chiwerengero cha maselo oyera chimasokonekera kwa kanthawi. Ngati mwathamanga kale, auzeni achipatala asanakubayeni.