Miyala ya marble ndi girauti musamatsuke ndi viniga chonde

Abale, ngati mnyumba munaika miyala ya marble, limestone kapena travertine, viniga ndi mandimu zisayandikire olo pang'ono. Anthu amakonda kunena kuti viniga amayeretsa chilichonse, koma miyala imeneyi mkati mwake ndi laimu, nde asidi akangogwerapo amadya paja pamawala paja, pamatsala chibanga chotuwa choti olo mukweche bwanji sichichoka mpaka abwere odziwa kupolisha. Granite ndiyolimbako imapirira, komabe girauti wa m'mizere ya pakati pa miyala muja nthawi zambiri ndi simenti, asidi amamufumbutsa pang'onopang'ono.

Musanakolope sesani kaye, mchenga ndi umene umakanda mwala anthu akamauponda. Kenako madzi ofunda ndi timadontho ta sopo wotsukira mbale basi, mukachulutsa pansi pamachita mbuu. Tsukuluzani, pukutani ndi nsanza youma. Waya wokwechera mapoto ayi.

Nkhani yaikulu ndi sealer, mankhwala opaka pamwala kuti usamamwe zamadzimadzi, ambiri amangoidumpha pomwe mwala ndi girauti zili ndi timabowo tosaoneka tomwe timamwa mafuta, khofi, madzi akuda, zonse. Kuti mudziwe ngati nthawi yopaka yakwana dontezani madzi pamwalapo mudikire mphindi 10 kapena 15. Akangokhala pamwamba zili bwino, koma pakada ndiye kuti alowa, kaguleni sealer. Pakani pamalo poyera komanso pouma bwinobwino, alowerere monga alembera pabotolo, wotsalayo pukutani asanaume chifukwa akaumira pamwamba amasiya zomata zovuta kuchotsa. Girauti watsopano mpatseni maola 48 mpaka 72 ayambe wagwira. Wa epoxy, uja wopangidwa ndi guluu wolimba m'malo mwa simenti, safuna sealer.

China chikatayikira musachipake uku ndi uku, ingopsinjani ndi nsanza chiyamwe pompo. Mafuta akalowa kale kandani soda wophikira ndi madzi zikhale ngati phala lolimba, matani pabangapo, phimbani ndi pulasitiki kwa maola 24, zikauma palani mofatsa. Nthawi zina pamafunika kubwereza.

Kubafa mizere imada chifukwa cha chinyontho, nde mukasamba pukutani khoma ndikutsegula windo, mizereyo muzidutsamo ndi mswachi wakale. Ndipo jiki musadzasakanize ndi viniga kapena amoniya, mpweya wake ndi poizoni weniweni umapweteka mapapo.