Momwe mungakonzekerere kupuma pantchito zinthu zikukwera chonchi

Mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Patangopita masiku, ndidawaona mayi anga aang'ono, mphunzitsi wopuma wa ku Matawale, atanyamula botolo la mafuta ophikira mumsika wa Zomba. Atamva mtengo adalibwezera pabenchi mwakachetechete, n'kugula oyeza. Penshoni imayenda pansi pomwe mitengo ikuthamanga, ndiye kukonzekera kuyambe mukadali pantchito.

Yambani ndi kope. Musalembe kuti "pamwezi ndimadya ndalama zakuti", chifukwa nambala imeneyo chaka chamawa idzakhala yabodza. Lembani katundu: matumba a chimanga angati pachaka, makala, mayunitsi a ESCOM, bilu ya madzi, sopo, ndiwo, fizi ya adzukulu amene mukulera. Febuluwale aliyense, mtengo wa chimanga ukafika pachimake, ikani mitengo yatsopano. Mukatero zaka zitatu, muona nokha liwiro lake.

Kenako funsani sitetimenti ya penshoni yanu. Lamulo limati olemba ntchito aziponya 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Alipo mabwana amene amadula koma osatumiza, ndipo zimapweteka kuzizindikira tsitsi litayera kale. Ngati ndalama sizikuoneka, kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Pamene ambiri amagwera ndi pa ndalama yolandira nthawi imodzi popuma. Lamulo la penshoni la 2023 limalola kutenga mpaka theka la ndalama zanu popuma. Ikangolowa mu akaunti, abale amamva fungo, ndipo aliyense amabwera ndi bizinesi yake: wina minibasi, wina golosale. Ine ndimati minibasi ayi, ngati simudayendetsepo bizinesi imeneyo. Injini ikafa kamodzi, thukuta la zaka 30 latha. Malizani kaye nyumba yogonamo, muchoke palendi. Yotsalayo iikeni pa chinthu chomwe mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu. Kuno ku Zomba tili ndi mwayi: ophunzira a University of Malawi amasaka zipinda ku Chikanda chaka ndi chaka, ndipo lendi mutha kuikweza. Amene ali ndi munda wa mpunga cha ku Domasi kapena kufupi ndi Nyanja ya Chilwa asaugulitse. Ngakhale mbuzi zisanu m'khola ndi chuma, chifukwa mbuzi sigwa ndi kwacha. Ku banki mkhonde ikaniko pang'ono chabe, ndipo katapila musamuyandikire.

Tsopano za matenda. Ngati muli pa sikimu ya kuntchito yolipirira chipatala, monga ya MASM, dziwani kuti nthawi zambiri imatha tsiku lomwe mwatsanzika ku ofesi, pomwe thupi layamba kumene kudandaula. Pitani mukafunse musanapume ngati mungapitirize panokha, ndi ndalama zingati pamwezi. Ku Zomba Central Hospital thandizo ndi laulere, ku St Luke's ku Malosa, chipatala cha CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), mumalipira. Koma ngakhale zaulerezo zili ndi mtengo wake: mankhwala a BP kapena shuga akasowa mumagula ku famase mwezi ndi mwezi, ndipo akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre pamafunika thiransipoti ya anthu awiri ndi chakudya cha wodwazika. Tsegulani akaunti yapadera, kaya ku SACCO kaya kubanki, ya matenda okha, yosakhudzidwa ndi ukwati kapena chinkhoswe. Yezetsani BP ndi shuga panopa. Kuzigwira msanga n'kotchipa kuposa sitiroko.

Chotsala ndi kukhala pansi ndi ana. Auzeni poyera kuti penshoni yanu ndi yochuluka bwanji, ndani azilipira magetsi, ndani azigula mankhwala. Aonetseninso pomwe mumasunga buku lakuchipatala, chiphaso cha unzika ndi mapepala a malo, kuti tsiku lomwe mwadwala usiku asamasanthule masutikesi galimoto ikudikira panja.