Momwe mungamangire ndi kugwiritsira ntchito galasi loonera kumbuyo pa njinga yakapalasa

Ambirife kuno ku Salima tinazolowera kupalasa ndi makutu. Hutala akalira kumbuyo, mtima umangoti phaa, ndipo usanadziwe n'komwe chimene chikubwera wagwera kale mumchenga m'mbali mwa msewu. Koma makutu amanama. Nyengo ya mwera mphepo imalira m'makutu moti galimoto yaing'ono umaimva itakufika kale paphewa. Kutsogolo kukamabwera thiraki ndiye zimanyanya, phokoso lake limameza la galimoto imene ili kumbuyo kwako.

Ine galasi ndinamanga nditagwa. Ndinali pa msewu wa ku Senga Bay, thumba la mpunga lili pa kaliyala. Minibasi italiza hutala ndinacheuka, handulo inatsatira khosi, tayala lakutsogolo n'kutsetsereka pamene phula linadyeka. Bondo linasupuka, thumba linang'ambika, mpunga uli mbwee mumchenga. Minibasiyo inali idakali kutali ndithu. Chinandigwetsa ndi kucheuka kodzidzimuka, ndipo ndi chimenechi chimene galasi limachotsa.

Sankhani galasi loyenera

Kalilole wa m'nyumba, uja wa pulasitiki wogula pamsika, musiyeni. Ndi wafulati, amaonetsa kamalo kochepa, ndipo akasweka amasiya zidutswa zakuthwa pafupi ndi dzanja. Funani galasi lotukuka pang'ono pakati. Limeneli limaonetsa msewu wonse m'lifupi mwake. M'mashopu a zipangizo za njinga mumapezeka magalasi a njinga yakapalasa okhala ndi chomangira chake. Ambiri a kabaza amakonda la njinga yamoto chifukwa ndi lolimba komanso mwendo wake ndi wautali. Ngati mumanyamula anthu, makala kapena madengu a nsomba, mwendo wautaliwo ndi wofunika, apo ayi muzingoona katundu wanu yemwe.

Musanalipire, gwirani mutu wa galasilo ndi kuupotokola. Uzilimba potembenuka. Ukakhala wolobodoka, bampu yoyamba idzaugwetsa n'kumakuonetsani tayala.

Limangeni kumanja

Ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, choncho galimoto zimatidutsa kumanja. Ngati muli ndi galasi limodzi, malo ake ndi kumanja kwa handulo. Lachiwiri, lakumanzere, limathandiza m'tauni ngati pa Kamuzu Road pamene njinga zamoto zimalowerera mbali iliyonse, koma yambani ndi lakumanja.

Dulani kachidutswa ka chubu chakale, mukulunge pa handulo pamene pakhale chomangira. Mphirayo imaletsa kuterereka ndipo imachepetsa kunjenjemera. Ikani chomangiracho chapafupi ndi pogwira, koma finyani buleki mpaka kumapeto kuti muone ngati sichikutchinga. Buleki ikamagunda chomangira, sunthani. Mangani nati ndi sipanala, osati ndi pulayala, chifukwa pulayala imadya makona a nati. Galasi la njinga yamoto likakana kulowa, musalikakamize: ena mwa magalasi akumanja mazinga ake amamangidwa chobwerera. Ngati lilibe chomangira cha pa handulo, owotcherera amapanga kachitsulo kake mosavuta, bola asawotcherere galasilo pa handulo penipeni, chifukwa mudzafuna kumalisuntha.

Mutu wa galasi uzituluka kunja kupitirira chigongono chanu. Koma kumbukirani kuti njinga yanu tsopano yakula m'lifupi. Podutsa pakati pa anthu tsiku la msika, galasi ndilo limayamba kukola.

Lilozeni mutakhala pa chishalo

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaloza galasi ataimirira pambali pa njinga, akakwera n'kupeza kuti likuonetsa mitambo. Khalani pa chishalo monga mumakhalira popalasa, mnzanu akugwirireni njinga, handulo ilunjike kutsogolo. Muuzeni wina aime kumbuyo, mtunda wa mapazi 20 kapena 30, chakumanja pang'ono pamene pamadutsa galimoto. Tembenuzani galasi mpaka mumuone yense osasuntha mutu. M'mphepete mwa galasi, mbali yoyandikana ndi inu, muzioneka kachigawo kochepa chabe ka mkono wanu. Kachigawo kameneka ndi kamene kamakuthandizani kudziwa kuti chinthu chili chapati poyerekeza ndi inu. Mukamadziona phewa lonse, ndiye kuti theka la galasi mukuliwononga.

Mukamanga katundu kapena kukweza munthu, onaninso musananyamuke. Njinga ikalemera kumbuyo, kakhalidwe kanu kamasintha. Wokwera akatchinga, palibe chovuta kunena kuti, "Amayi, chikwamacho tachikokerani pamiyendo, ndizitha kuona kumbuyo." Sindinaonepo munthu akukana.

Phunzirani kuponya diso

Musayambire pa msewu waukulu wa M5. Pitani pa bwalo la mpira kapena kanjira kopanda galimoto, muzipalasa mowongoka n'kumaponya diso pagalasi kamodzi, n'kubwerera kutsogolo. Diso lokha, mutu ayi. Kuyang'anako kusapitirire sekondi imodzi. Pa liwiro wamba la makilomita 15 pa ola, njinga imayenda mamita 4 pa sekondi iliyonse, ndiye mukakhalitsa pagalasi masekondi atatu mwayenda mamita 12 osaona dzenje, mbuzi kapena mwana amene akuwoloka. Ngati simunaone bwino, bwererani kutsogolo kaye, kenako muponyenso kachiwiri.

Pamsewu, zolowerani kuyang'ana pafupipafupi ngakhale kuli zii, osadikira hutala. Makamaka yang'anani musanazembe dzenje, musanadutse munthu woyenda pansi kapena njinga inzanu, musanalowe pa mlatho wopapatiza, komanso nthawi iliyonse mukaona galimoto yaikulu ikubwera kutsogolo. Chomalizachi ndichigogomezere. Ngozi yoopsa kwa wapanjinga imabwera pamene galimoto ziwiri zikupatukirana pomwe iwe uli. Ukaona thiraki kutsogolo, n'kuonanso ina pagalasi, usachite kuwerengera kuti mukwanapo atatu. Chepetsa liwiro padakali nthawi, sankha pamene m'mphepete mwa phula simunakumbike, tsika mwaulemu, zidutse.

Dziwani kuti galasi limachepetsa zinthu

Galasi lotukuka limaonetsa galimoto ngati yaing'ono, ngati ili kutali kuposa pamene ili. Onjezanipo liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi. Inu mukuyenda mamita 4. Ikakhala kumbuyo kwanu mtunda wa bwalo la mpira, mamita 100, ikupezani pasanathe masekondi 6. Nchifukwa chake kuyang'ana kamodzi sikukwanira. Yang'anani kawiri motsatizana: ngati chinthucho chakula msanga pakati pa maulendo awiriwo, chikuthamanga.

Mathiraki a nzimbe ndi ena okoka ngolo amafuna kusamala kwina. Mutu ukakudutsani musathamangire kubwerera pakati, ngolo ikadali m'mbuyo, ndipo mphepo yake imakoka njinga. Gwirani handulo ndi manja onse awiri mpaka galasi likuonetseni msewu woyera. Muzikumbukiranso kuti kumbuyo kwa thiraki nthawi zambiri kumabisala galimoto ina kapena njinga yamoto imene ikudikira mpata.

Pokhota kumanja, khosi ligwirebe ntchito

Tiyerekeze mukuchokera m'tauni ndipo mukufuna kukhotera ku Nkhotakota pa Kaphatenga. Mukuyenera kudula msewu wonse. Yambani kuyang'ana pagalasi mudakali patali ndi mphambano. Kukakhala koyera, tambasulani dzanja lamanja kuti akumbuyo adziwe. Kenako cheukani ndithu, pa phewa lamanja, mwachidule. Pali malo pambali panu, chakumbuyo pang'ono, amene galasi silifikako, ndipo njinga yamoto imakwanamo yonse. Kusiyana kwake ndi kale n'kwakuti tsopano mukucheuka mutadziwa kale za msewu, pa nthawi imene mwasankha nokha, osati modzidzimutsidwa. Pocheuka, fewetsani dzanja lamanja pa handulo kuti lisaikoke.

Ngati galimoto zandondozana, kapena mwanyamula katundu wolemera moti simungasiye handulo kuti mukweze dzanja, imani kumanzere, tsikani, muwoloke mukukankha. Ine ndi thumba la mpunga ndimatero nthawi zonse.

Dzuwa, usiku ndi fumbi

Msewu wa ku Senga Bay unagona chakum'mawa ndi kumadzulo. Mukamachokera kunyanja m'mamawa kulowera kutauni, dzuwa limakhala kumsana ndipo limamenya pagalasi. Madzulo pobwerera kunyanja ndi chimodzimodzi. Weramitsani galasi pang'ono kuti kuwalako kusalunjike m'maso, ndipo nthawi zimenezi musalikhulupirire kwambiri, galimoto imatha kusowa m'kuwalako. Usiku nyali za galimoto zimathobwa chimodzimodzi. Komanso nyali imodzi pagalasi musathamangire kunena kuti ndi njinga yamoto, ikhoza kukhala galimoto yofa diso limodzi. Galasi limakuthandizani kuona, koma silithandiza dalaivala kukuonani, choncho kumbuyo kwa kaliyala kukhale chonyezimira chofiira, ndipo valani zowala.

Fumbi la m'chilimwe limaphimba galasi tsiku limodzi lokha. Musalipukute louma ndi chikhatho, mchenga umakanda mpaka galasi limachita chifunga. Thirani kaye timadzi, kenako pukutani ndi kansalu kofewa. M'mawa uliwonse, pamene mukufinya matayala kuona mpweya, gwedezaninso mwendo wa galasi. Ukamasewera, mangani nati musanatuluke pakhomo, ndipo poimika njinga pakhoma kapena pamtengo muziitsamiritsa mbali yakumanzere.