Kuchoka ku Heathrow kupita ku Schiphol: kawerengedwe ka nthawi ya ulendo

Kuchoka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London kukafika pa Schiphol ku Amsterdam ndi makilomita pafupifupi 370 molunjika, kungopitirira pang'ono msewu wa Lilongwe mpaka Blantyre. M'mwamba simukhalamo ngakhale ola lathunthu: mphindi 45 kapena 50 mwawoloka kale nyanja ya North Sea. Koma pa tikiti amalemba ola limodzi ndi mphindi 15 kapena kuposerapo, ndipo ine ndimakhulupirira za pa tikitizo.

Chifukwa chake chili pansi. Pa Heathrow ndege zimakhala pa mzere kudikira kunyamuka. Ku Schiphol nako kuli msewu wa ndege wotchedwa Polderbaan, womwe anautsegula mu 2003, ndipo uli kutali ndi nyumba yotsikira. Mukatera kumeneko ndege imayenda ndi matayala mphindi 15 kapena 20, kudutsa m'minda, mpaka kuwoloka mlatho galimoto zikuthamanga kunsi kwake. Ena amayamba kumasula malamba poganiza kuti afika. Khalani pansi, ulendo ukadalipo.

Tsono samalani ndi wotchi. Amsterdam ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo tikiti imalemba nthawi ya kumalo komwe mukunyamukira ndi ya komwe mukukafikira. Mukanyamuka 10:00 n'kuona kuti mukafika 12:20, chotsanipo ola limodzi. Pobwerera zimaoneka ngati zamatsenga: kunyamuka 13:00, kufika 13:20. Pamenepo onjezani ola. Wobwera kudzakuchingamirani muuzeni nthawi ya kwawo, monga yalembedwera pa tikiti.

Kenako werengani kuchokera pakhomo panu. Sitima ya Piccadilly kuchoka pakati pa London imatenga pafupifupi ola. Sitima yothamanga ya Heathrow Express yochokera pa siteshoni ya Paddington imafika pa mphindi 15, koma mtengo wake umaluma. Ine ndimafika pabwalo kutatsala maola awiri, nditaonetsetsa kaye kotsikira: ndege za KLM zimanyamukira pa Terminal 4, za British Airways pa Terminal 5, ndipo sizili moyandikana. Mukatera ku Schiphol pali mzere woonetsa pasipoti, kenako sitima ya mphindi zosakwana 20 yokafika pa siteshoni yaikulu ya Amsterdam Centraal. Mukaphatikiza zonsezi, maola asanu atha. N'chifukwa chake ngati ndikupita mu Amsterdam momwemo ndimayang'ananso sitima ya Eurostar yochokera pa siteshoni ya St Pancras ku London, yomwe imatenga maola anayi kapena kupitirira pang'ono n'kukutsitsani pakati pa mzinda.

Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, visa ya ku UK sikulowetsani mu Amsterdam. Pamafunika ya Schengen, visa yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Ngati Schiphol mukungodutsirapo kuti mukwere ndege ya ku Nairobi popita kumudzi, gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse, ndipo pakati pa ndege ziwirizo musiye mpata wa maola awiri kapena atatu.